Za Katanga ndi Asilikali Amene Anadza Kudzaleretsa

Dziko la Mfumu Chifunda liri m'cigwa ca Luangwa, m'boma la Chama, kutali ndi njanji, kutalinso ndi migodi. Kale mnyamata wa kumeneko wofuna nchito ku Ndola kapena ku Mufulira analikuoloka Luangwa, nakwera mapiri a Muchinga, nayenda masiku ambiri asanaone utsi wa mgodi. Koma dziko la Katanga silinali lacilendo kwa Asenga. Mbiri ya makolo ao inena kuti mafumu ao anacokera ku Uluwa, ndilo dziko la Aluba, limene mbali yace yaikulu iri kumpoto kwa Katanga. Ndiponso amalonda a Cibisa analikuoloka Luangwa yemweyo atasenza mkuwa wa ku Katanga, kunka nao kum'mawa, Azungu asanafike.

Kwa Chifunda, monga kwa mafumu ena onse, midzi imagawika. Munthu akakangana ndi mwini mudzi, kapena akaona kuti abale ace aculuka, atenga mbumba yace nakamanga pena. Koma nyumba ndi nkhokwe zokha sizipanga mudzi ai. Mfumu ya dziko iyenera kubvomera, ndipo m'masiku a Boma la Azungu panafunika amuna 10 okhoma msonkho kuti mudziwo ulembedwe m'buku. Popanda ici, anthuwo awerengedwabe a mudzi wakale, ngakhale nkhokwe zao zipose za mwini mudzi. Mlandu wa Katanga unali wa mtundu umenewu. Kwa zaka ziwiri ndi theka Katanga anali ndi mbendera yace, yolembedwa mitanda itatu ya mkuwa, anali ndi ndalama zace, masitampa ace ndi asilikali ace, koma panalibe dziko ndi limodzi lomwe limene linamlemba m'buku.

Dziko la Congo linalandira ufulu kwa Azungu a ku Belgium pa 30 June 1960. Bambo Joseph Kasavubu anakhala Pulezidenti, ndipo Bambo Patrice Lumumba anakhala Nduna Yaikulu. Pasanathe mlungu umodzi asilikali anaukira akulu ao, amene onse anali Azungu, popeza anaona kuti ufulu wafika kwa andale koma kwa iwo sunafika. Azungu anacita mantha nayamba kuthawa. Anthu a ku Mufulira ndi a ku Bancroft, ndiyo Chililabombwe, anaona magalimoto ao ali kulowa m'malire usana ndi usiku, atadzaza ana ndi akatundu. Boma la Belgium linatumiza asilikali ace osapempha cilolezo kwa eni dziko. Tsono pa 11 July Bambo Moise Tshombe, mtsogoleri wa cigawo ca Katanga, analengeza pa wailesi ya ku Elisabethville, mzinda umene tsopano uchedwa Lubumbashi, kuti Katanga wapatuka, ndipo ndi dziko la pa lokha.

Munthu ali yense wa pa mgodi adziwa cifukwa cace cigawo cimeneci ndico cinapatuka. Mwala wa mkuwa wokumbidwa ku Nchanga ndi ku Mufulira ndi mtsempha womwewo umene upitirira ku Kipushi, ku Jadotville, ndiyo Likasi, kufikira ku Kolwezi; malire a Azungu anangoudula pakati. Tsidya ilo mwini migodi anali kampani ya Union Minière, yokhazikitsidwa mu 1906, ndipo Angerezi a Tanganyika Concessions anali ndi gawo lao m'menemo. Ndi kampani imeneyi imene inakumba ku Shinkolobwe mwala wa uranium wopangira bomba la ku Hiroshima mu 1945. Msonkho wace unali mzati wa cuma ca Congo yense. Tshombe atapatuka, kampani inayamba kupereka msonkhowo kwa iye m'malo mwa ku Leopoldville, ndiyo Kinshasa. Nkhokwe inacoka pamodzi ndi wopatukayo, ndipo mwini mudzi anatsala ndi ana ambiri ndi mbale zopanda kanthu.

Kasavubu ndi Lumumba anatumiza lamya ku New York kupempha thandizo kwa bungwe la United Nations, ndilo bwalo la maiko onse. Mlembi Wamkulu wa bungwelo anali Bambo Dag Hammarskjöld wa ku Sweden, munthu wofatsa, wosakwatira, wokonda mabuku, koma wofulumira pa nchito. Pa 14 July kabungwe kosunga mtendere, kochedwa Security Council, kanabvomera, ndipo m'mawa mwace asilikali oyamba analikutsika m'ndege ku Leopoldville. Anacokera ku Tunisia, Ghana, Morocco, Ethiopia ndi maiko ena a mu Africa, ena ku Sweden ndi ku Ireland, ndipo pambuyo pace ku India. Pa kuculuka kwao anatsala pang'ono kukwana 20,000.

Koma anthu awa anapatsidwa malamulo awiri osayenda njira imodzi. Lina linati Congo akhale dziko limodzi ndipo asilikali a Belgium acoke. Lina linati a United Nations asalowerere mikangano ya eni dziko, ndipo asaombe mfuti koma podziteteza okha. Woleretsa ndeu ya anthu awiri akhoza kuima pakati, nagwira uyu ndi dzanja lamanja, uyo ndi lamanzere, kufikira mitima itazizira. Mlandu wa kupatuka uli wina. Funso lace ndi lakuti mudzi ndi umodzi kodi, kapena iwiri, ndipo woima pakati osayankha wayankha kale, pakuti wopatukayo akhalabe pamene wamangapo.

Ici cinaoneka msanga. Kuciyambi kwa August Bambo Ralph Bunche wa ku America anatumidwa ku Elisabethville kukaona ngati asilikali angalowe mwamtendere, nabwera ndi mau akuti mwazi udzakhetsedwa. Pa 12 August Hammarskjöld anapita yekha ndi asilikali a Sweden, nalankhula ndi Tshombe, ndipo Tshombe anawalola kulowa atamva kuti sadzakhudza boma lace. Lumumba anapsa mtima kwambiri. Iye anaitana alendowo kuti amthandize kubweza Katanga, ndipo tsopano anawaona ali kugwirana canza ndi wopandukayo, osatenga ngakhale nduna imodzi ya boma la Congo pa ulendowo. Hammarskjöld anayankha kuti lamulo la pa 9 August limletsa kugwiritsa asilikali ace nchito yotere. Pa mau a lamulo Mlembi Wamkulu sanalakwa. Koma Lumumba anaona cimene lamulo silinaona: tsiku liri lonse labata linali la Tshombe, tsiku lina lokumba mkuwa, lolandira msonkho, logula mfuti ndi kulemba asilikali a ganyu ocokera ku Belgium, France, South Africa ndi Rhodesia.

Lumumba anatembenukira kwa Russia kupempha ndege ndi magalimoto, ndipo pamenepo America anamuyesa mdani. Mu September Kasavubu anamcotsa pa mpando, ndipo Joseph Mobutu, mkulu wa asilikali, analanda mphamvu. Pa 17 January 1961 Lumumba anatengedwa pa ndege, womangidwa ndi womenyedwa, kunka ku Elisabethville m'manja mwa adani ace, ndipo usiku womwewo anaomberedwa pamodzi ndi anzace awiri, Maurice Mpolo ndi Joseph Okito, pamaso pa nduna za Katanga ndi Azungu a Belgium. Asilikali a United Nations anali pa bwalo la ndege pamene anatsitsidwa, koma sanacita kanthu.

Pali cinthu cina cimene anthu aiwala kawirikawiri, ndico cakuti Katanga mwini sanali wa mtima umodzi. Tshombe anali Mlunda, ndipo mphamvu yace inali kumwera, ku migodi. Aluba a kumpoto, otsogozedwa ndi Bambo Jason Sendwe, sanafuna kupatukako, ndipo anamuukira ndi mauta, mikondo ndi mfuti zagogodera. Asilikali a Tshombe anatentha midzi yao yambiri. Wopatuka uja anakaniza ena kupatuka kwa iye. M'cipwirikiti cimeneci munthu wa kumudzi sanatha kusiyanitsa Mzungu wa ganyu ndi Mzungu woleretsa, ndipo pa 8 November 1960, pafupi ndi Niemba, Aluba anapha asilikali 9 a ku Ireland amene anadza kudzawateteza.

Imfa ya Lumumba inautsa mkwiyo m'maiko ambiri, kotero kuti pa 21 February 1961 Security Council inasintha lamulo: mfuti ziloledwa ngati njira zina zonse zoletsa nkhondo ya paciweniweni zalephera, ndipo asilikali onse acilendo a Tshombe acotsedwe. Misonkhano inatsatana. Ku Tananarive mu March atsogoleri anagwirizana zimene Tshombe anafuna, kuti Congo akhale maiko ambiri omangidwa ndi luzi lofooka. Ku Coquilhatville mu April anabweza mau, ndipo Tshombe pofuna kucoka anamangidwa. Anamasulidwa mu June atalonjeza kugwirizana, koma atafika kwao anati lonjezo la m'ndende siliwerengedwa. Mu August Nyumba ya Malamulo inasankha Bambo Cyrille Adoula kukhala Nduna Yaikulu, ndipo Congo anakhalanso ndi boma lobvomerezeka.

Tsono ku Elisabethville nthumwi ya United Nations inali Bambo Conor Cruise O'Brien wa ku Ireland, munthu wosakonda kudikira. Pa 28 August asilikali ace anagwira Azungu ambiri a m'gulu la nkhondo la Tshombe popanda kukhetsa mwazi. Koma ambiri a iwo anaturuka pa khomo nabwerera pa zenera, ena podzera m'dziko lino. Pa 13 September anayesanso, ndi colinga ca kuthetsa kupatukako tsiku limodzi. Ulendo uno a Katanga anali okonzeka. Anthu anafa pa positi ofesi ndi pa nyumba ya wailesi, ndipo Tshombe anazemba nathawira ca ku malire a ku Kipushi. O'Brien anauza olemba nyuzi kuti kupatuka kwatha, pamene nkhondo inali itangoyamba. Ku Jadotville asilikali a Ireland 155 anazingidwa, namenyana masiku asanu kufikira madzi ndi zipolopolo zinatha, nagonja pa 17 September. Ndege imodzi yokha ya nkhondo, ya mtundu wa Fouga, inalikuwaponyera mabomba monga ifunira, pakuti oleretsawo analibe ndege ya nkhondo ndi imodzi yomwe.

Hammarskjöld anafika ku Leopoldville tsiku lomwe nkhondo inayamba, ndipo Britain ndi America anamfulumiza kuti aithetse. Anapangana kukomana ndi Tshombe ku Ndola. Malowa anachedwa apakati, koma sanali apakati kweni kweni. Northern Rhodesia inali m'Citaganya, ndipo Nduna Yaikulu ya Citaganya, Sir Roy Welensky, anali bwenzi la Tshombe poyera. Anayesa Katanga linga lochinga migodi ya kuno ku ulamuliro wa anthu akuda, ndipo mu March 1960, Congo asanalandire ufulu, anali atanena kale kwa nyuzi ya ku London za kuthekera kwakuti Katanga aphatikane ndi Citaganya. Asilikali ace ndi ndege zace zinali pa malire.

Madzulo a pa 17 September ndege ya Mlembi Wamkulu, dzina lace Albertina, inanyamuka ndi anthu 16. Poopa Fouga uja, woyendetsa sanalunjika njira. Anazungulira kum'mawa kufikira ku nyanja ya Tanganyika, natsikira kumwera, osalankhula pa wailesi nthawi yaitali. Tshombe anali atafika kale ku Ndola, pamodzi ndi Lord Alport, nthumwi ya Britain. Patangopita pakati pa usiku ndegeyo inapita pamwamba pa bwalo nyali zace ziri kuyaka, niuza a pa nsanja kuti iri kutsika, nikhota kumadzulo monga zicitira ndege zonse zofuna kutera. Sinaonekenso. Lord Alport anati kapena Mlembi Wamkulu wasintha maganizo napita kwina, ndipo bwalo linatsekedwa, anthu nakagona.

Ndegeyo inali itagwa m'thengo, mtunda wa mailosi ngati 9 kucokera pa bwalo, ndipo inapsa. A Boma anaipeza masana, patapita maora 15, ngakhale kuti moto wace unaonedwa usiku. Mtembo wa Hammarskjöld unali pambali pa culu, wosapsa. Munthu mmodzi yekha, Harold Julien, mlonda wa ku America, anapezedwa wamoyo atagona pa dzuwa ndi zilonda zace; ananena za kuphulika ndi za moto m'mwamba, namwalira m'cipatala ca Ndola patapita masiku ocepa.

M'thengo limenelo munali anthu usiku uja. Anali oocha makala a ku Twapia, amene analikulonda mauvuni ao. Ena a iwo, ndi ena a m'komboni momwemo, anaima pamaso pa ofufuza nanena kuti anaona ndege ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono pamwamba pace, ndi moto ndegeyo isanagwe. Bwalo lofufuza la Citaganya, lotsogozedwa ndi Sir John Clayden, silinasamala mau ao. Linati ena anasokonezeka, ena anali ndi udani ndi Boma, ndipo mu 1962 linagamula kuti woyendetsa anatsika pansi koposa muyeso. Mau a Julien linawayesa kubwebweta kwa wodwala. Ofufuza a United Nations, caka comweco, anati sangathe kunena cimene cinagwetsa ndege, ndiponso sangathe kukana kuti inaomberedwa. M'masiku amenewo umboni wa munthu wakuda wonunkha utsi sunalemera pa sikelo ya woweruza, ndipo ici cinacedwetsa mlandu zaka 50.

Koma akulu anati mlandu suola. Mu 2015 United Nations inautsegulanso, niika Bambo Mohamed Chande Othman, Woweruza Wamkulu wa Tanzania, kuti ayang'anenso zonse. Iye anawerenga umboni wa a ku Twapia ndi ulemu umene unasowa kale, ndipo mu 2017 analemba kuti ncotheka ndithu kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa kucokera kunja. M'malipoti ace a 2019 ndi 2022 anadandaula kuti Britain, America ndi South Africa sanaturutsa makalata onse amene ali nao. Pa culu paja anamangapo cikumbutso ca miyala.

Cimene Hammarskjöld anadzera cinacitika iye atafa. Pa 20 September, ku Ndola komweko, Tshombe ndi Bambo Mahmoud Khiari wa ku Tunisia analemba pangano loleka kuombana. A Katanga analiyesa cigonjetso cao, ndipo sanalakwa kwambiri. Mlembi Wamkulu watsopano, U Thant wa ku Burma, anapatsidwa pa 24 November lamulo lomveka bwino, lokana kupatuka kwa Katanga ndi kulola mphamvu pocotsa asilikali a ganyu. Apa malamulo awiri aja anasanduka limodzi, ndipo United Nations inaleka kudziyesa woima pakati. India, Sweden ndi Ethiopia anatumiza ndege za nkhondo. Mu December nkhondo inabukanso m'Elisabethville, anthu wamba nafa m'nyumba zao, ndipo Tshombe atapanikizidwa anapita ku Kitona, kumene pa 21 December anabvomera kuti Congo ndi mmodzi ndi kuti Kasavubu ndiye mutu wace. Mfuti zitaleka, anati mauwo ayenera kuyamba akambidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya Katanga.

Umu ndimo analikucitira nthawi zonse. Anali munthu wa nkhope yosekerera ndi mau okoma, mwana wa munthu wamalonda wolemera, wophunzira ku misyoni ya Methodist, ndipo anadziwa kuti alendo amatopa koma mgodi sutopa. Kuyambira March kufikira June 1962 anakambirana ndi Adoula ku Leopoldville, osaturukapo kanthu. Ndalama zace zinafika ndi m'ndale za dziko lino, pakuti m'caka cimeneco anathandiza cipani ca Bambo Harry Nkumbula, pamene a UNIP anamuyesa cida ca Welensky. Mu August U Thant anaika njira yace: zigawo za Congo zikhale ndi mphamvu zina za pa zokha, ndalama za migodi zigawidwe pakati ndi pakati, asilikali akhale gulu limodzi, olakwa akhululukidwe; ndipo Tshombe akakana, maiko aleke kugula mkuwa wace. Tshombe anabvomera ndi pakamwa, napitiriza kugula ndege.

Mathero anadza msanga kuposa m'mene anthu anayembekezera. Pa masiku a Khirisimasi asilikali a Katanga anaombera a United Nations, ndipo pa 28 December 1962 Kazembe Prem Chand wa ku India anayankha ndi mphamvu yonse. Ndege za Sweden zinaononga ndege za Katanga ziri pansi ku Kolwezi. Asilikali a India anaoloka mtsinje wa Lufira milatho itagumulidwa, osadikira mau a ku New York, nalowa m'Jadotville pa 3 January 1963. Tshombe anaopseza kuti adzaphulitsa migodi ndi madamu a magetsi. Koma eni migodi, amene anamlera zaka ziwiri ndi theka, sanamlera kuti awatenthere cuma cao. Pa 14 January analengeza kuti kupatuka kwatha, ndipo pa 21 January a United Nations analowa m'Kolwezi osaomba mfuti.

Oleretsawo anacoka m'Congo pa 30 June 1964, atataya anthu ao ngati 250 ndi madola mamiliyoni 400, amene Russia ndi France anakana kusonkhako, kotero kuti bungwe lonse linatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Pasanathe milungu iwiri Tshombe, atabwera ku Spain kumene anathawira, anakhala Nduna Yaikulu ya Congo yense, dziko lomwe lija anafuna kuling'amba. Mwezi womwewo atsogoleri a Africa anakomana ku Cairo napangana kuti malire amene maiko anawapeza pa tsiku la ufulu asasunthidwe. Analikukumbukira Katanga. Ngakhale zinali tero, mu 1968 Zambia inali limodzi la maiko anai a mu Africa amene anabvomera Biafra, pamene Dr. Kenneth Kaunda anaona njala ndi imfa za anthu a kumeneko.

M'mwezi wa July womwewo wa 1964 mfuti zinalira m'dziko lino. Anthu a Mpingo wa Lumpa, otsata Mai Alice Lenshina, atakangana ndi a UNIP, anali atacoka m'midzi yao namanga midzi ya malinga popanda cilolezo ca mafumu. Boma linawalamula kupasula, iwo anakana. Nkhondo inayamba ku Chinsali nifika ku Lundazi pa 3 August, nitsikira m'cigwa ca Luangwa, m'dziko la Asenga, limene pa nthawiyo linali m'boma la Lundazi. Anansi amene analikumwa citsime cimodzi anaphana ndi nkhwangwa ndi mikondo. Monga mwa ciwerengero ca Boma anafa anthu oposa 700. Kumeneku sikunadza woleretsa wa kunja, popeza unayesedwa mlandu wa m'nyumba. Otsala ambiri anathawa naoloka malire, nakamanga misasa ku Mokambo, m'Katanga, pa mseu womwe uja anadzera Azungu othawa mu 1960.

Tshombe anacotsedwa pa mpando mu October 1965. Mu 1967 ndege yace inalandidwa m'mwamba nitengedwa ku Algeria, ndipo anafera komweko m'ndende mu June 1969. Asilikali ace ambiri anathawira ku Angola, ndipo iwo ndi ana ao anabweranso ndi mfuti mu 1977 ndi mu 1978. Ulendo waciwiriwo anadzera pa ngodya ya Zambia ca ku Mwinilunga nalanda Kolwezi masiku owerengeka, kufikira asilikali a France ndi Belgium anawapitikitsa. Mu 2015 boma la ku Kinshasa linagawa Katanga zigawo zinai, ndizo Haut-Katanga, Lualaba, Haut-Lomami ndi Tanganyika.